Malo a mbiri ndi mapiri a ku Liwonde ndi Balaka

Liwonde ndi Balaka ndi matawuni awiri a m'chigawo cha kumwera kwa Malawi omwe atalikirana makilomita pafupifupi 30. Liwonde ali m'boma la Machinga, m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, pomwe Balaka ndi likulu la boma la Balaka, chakumadzulo kwa mtsinjewu. Maboma awiriwa anali amodzi mpaka mu 1998 pamene Balaka anapatulidwa kukhala boma palokha. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ku Machinga kuli anthu oposa 735,000 ndipo ku Balaka kuli oposa 438,000.

Derali limadziwika kwambiri ndi paki ya Liwonde, koma lilinso ndi mapiri okwereka komanso malo omwe panachitikira zinthu zikuluzikulu m'mbiri ya dziko. Zambiri mwa zinthuzi zinachitika pa chifukwa chimodzi: pa Liwonde ndi powolokera Shire, ndipo mapiri a kum'mawa kwake amayang'ana njira zonse zopita kumeneko. Mafumu a Chiyao, atsamunda, komanso anthu omwe anaukira boma mu 1965, onse anali ndi chochita ndi doko limeneli.

Nyengo yoyendera derali

Tawuni ya Liwonde ili m'chigwa, pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, choncho kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. M'dzinja misewu yafumbi imaterera ndipo ina imaduka. N'chifukwa chake nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo yabwino kwa munthu wofuna kuyenda pansi. Kum'mawa kumazizira, makamaka m'mphepete mwa mtsinje, koma masana kumakhala dzuwa lofunda bwino. Masiku ena mu Juni ndi Julayi kumachita chiperoni, mitambo n'kuphimba nsonga za mapiri, ngakhale kuti kuchigwa sichilimba ngati ku Zomba kapena ku Mulanje.

Miyezi ya m'nyengoyi imasiyananso. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala udakali wautali, mitsinje ing'onoing'ono ili ndi madzi, ndipo m'mwamba mumakhala moyera moti munthu amaona patali. Pofika Ogasiti udzu wauma, nyama za m'paki zimasonkhana kumtsinje ndipo zimaoneka mosavuta, koma utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimayamba kubisa mapiri akutali. Tchuthi chachitali cha sukulu chimagwera kumapeto kwa nyengoyi, ndipo ambiri mwa maulendo a ophunzira amachitika nthawi imeneyi.

Mbiri mwachidule

Anthu omwe ankakhala m'chigwa cha Shire kale anali Amang'anja ndi Anyanja. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao kuchokera kumpoto kwa Mozambique. Gulu lina la Ayaowa linkatchedwa Amachinga, ndipo dzina la boma la Machinga linachokera kwa iwo. Lisanapatsidwe dzinali, bomali linkatchedwa Kasupe. Mafumu monga Kawinga, Liwonde ndi Malemia anakhazikika m'mapiri ndi m'mphepete mwa mtsinje. Iwo ankachita malonda ndi Aluya ndi Aswahili a kugombe la nyanja ya Indian, kugulitsa minyanga ya njovu ndi akapolo posinthanitsa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Chipembedzo cha Chisilamu chinafala m'derali kudzera m'njira zomwezi zamalonda. Pambuyo pake kunabweranso Alomwe kuchokera ku Mozambique, ndipo chakumadzulo kwa Balaka kuli Angoni ambiri.

David Livingstone anadutsa m'derali mu 1859. Mu Epulo chaka chimenecho anafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu Seputembala anatsata Shire mpaka kukafika ku nyanja ya Malawi. Mu 1875 sitima ya pamadzi ya amishoni a ku Scotland yotchedwa Ilala inalumikizidwa pa Matope n'kukwera mtsinjewu, kudutsa pa Liwonde ndi pa nyanja ya Malombe. Kuyambira pamenepo gawo limeneli la Shire linakhala msewu waukulu wa amishoni ndi amalonda a ku Ulaya opita kunyanja.

Dziko la Britain litalengeza ulamuliro wake mu 1891, Harry Johnston anayamba kumenyana ndi mafumu omwe ankakana ulamulirowo ndi kupitiriza malonda a akapolo. Asilikali ake ambiri anali ochokera ku India. Mu 1893 anamenyana ndi anthu a mfumu Liwonde, ndipo pambuyo pake atsamunda anamanga linga lotchedwa Fort Liwonde kuti aziteteza sitima zodutsa pamtsinje. Malowa anadzakhala likulu la boma lomwe linkatchedwa Upper Shire.

Kamuzu Barrage ndi doko lakale

Malo oyamba omwe mlendo amaona ku Liwonde ndi Kamuzu Barrage, pomwe msewu wa M3 umawolokera Shire. Baraji imeneyi inamangidwa mu 1965 ndipo ili ndi zitseko 14 zomwe zimatsekulidwa kapena kutsekedwa pofuna kuchepetsa kapena kuchulukitsa madzi otsika kumunsi. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, ndipo magetsi ambiri a m'dziko muno amapangidwa pa mtsinjewu, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo komanso madzi akumwa a mumzinda wa Blantyre zimadaliranso Shire yemweyu.

Kufunika kwa barajiyi kumamveka bwino munthu akadziwa zomwe zinachitika kale. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri moti Shire anasiya kuyenda kumtunda kwake, mchenga ndi bango zitatseka njira. Sitima zinaleka kudutsa, ndipo doko la Liwonde linazilala. Baraji imathandiza kusunga madzi a m'zaka za mvula yambiri kuti adzagwire ntchito m'zaka za chilala. Inakonzedwanso ndi thandizo la World Bank m'zaka za m'ma 2010, ndipo chakumtunda kwake anaikako chotchinga chogwira namasupuni ndi zomera zina zoyandama zomwe zimatseka makina a magetsi. Ntchito yake imabweretsanso mikangano. Mu 2024 madzi a m'nyanja atakwera kwambiri, nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi zinamira, ndipo eni ake ankafuna kuti zitseko zitsekulidwe kwambiri, pomwe kutero kukanaopseza anthu a kumunsi kwa Shire ndi malo opangira magetsi.

Baraji isanathe, magalimoto ankawoloka pa pantoni. Pantoni imeneyi ili ndi malo ake m'mbiri ya ndale za Malawi. Nduna zingapo zitasemphana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu 1964, Henry Masauko Chipembere, yemwe anali nduna ya maphunziro, anabisala m'mapiri a kwawo ku Malindi. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iye ndi omutsatira pafupifupi 200 anathira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe tsopano ndi Mangochi, natenga mfuti ndi magalimoto n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina. Analephera kuwoloka, asilikali a boma anawapeza, ndipo gululo linabalalikira m'tchire. Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho ndipo anamwalira ku United States mu 1975. Anthu ambiri a m'midzi yomwe inaganiziridwa kuti inamuthandiza anamangidwa ndipo midzi ina inawotchedwa.

Chakumunsi pang'ono kwa baraji kuli mlatho wa njanji. Njanji yochokera pa Nkaya, m'boma la Balaka, kupita ku Nayuchi pamalire ndi Mozambique inatsekulidwa mu 1970 ndipo imakafika kudoko la Nacala. Masiku ano pamadutsa sitima zazitali zonyamula malasha ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete.

Mapiri a Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi

Kumwera ndi kum'mawa kwa tawuni ya Liwonde kuli mapiri anayi ondondozana: Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala. Akatswiri a miyala amawaika m'gulu limodzi ndi mapiri a Zomba ndi Mulanje, omwe anapangidwa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo pamene miyala yosungunuka inakwera n'kuuma pansi pa nthaka, kenako nthaka yofewa ya pamwamba n'kukokoloka. Gawo lalikulu la mapiriwa lili m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, yomwe inakhazikitsidwa mu 1924. Msewu wa M3 wochokera ku Zomba umadutsa pakati pawo, kudzera pa boma la Machinga, usanatsikire kumtsinje.

Phiri la Chikala, lomwe lili kum'mawa kwa onsewo, ndilo lili ndi mbiri yodziwika kwambiri. Mfumu Kawinga anamanga mudzi wake pamwamba pake, pomwe ankatha kuona dambo lonse la Chilwa ndi njira zopita kugombe. Kumapeto kwa 1891 asilikali a Johnston, motsogozedwa ndi Cecil Maguire, anayesa kulanda phirili koma sanathe. Kumayambiriro kwa 1895 Kawinga anathira nkhondo dera la Malemia, pafupi ndi mishoni ya Domasi, koma anagonja, ndipo asilikali a atsamunda anakwera Chikala n'kulanda mudzi wake. Kawinga anathawira kudera la Apwitikizi. Ufumuwu sunathe: lero Kawinga ndi mmodzi mwa mafumu aakulu a Ayao m'Malawi.

Munthu wokwera Chikala amamvetsa chifukwa chomwe phirili linali lovuta kulanda. Njira zake ndi zotsetsereka, zodzaza ndi matanthwe, ndipo yemwe ali pamwamba amaona wobwera adakali kutali. Kukakhala kopanda mitambo, chakumwera kumaoneka nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo nthawi zina Mulanje. Pamwamba pa Chaone pali midzi ndi minda, ndipo anthu ake amatsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku atasenza katundu, choncho njira zambiri zokwerera phirili ndi zomwe eni dera amayendamo kale.

M'dera lomweli muli zipilala zachilengedwe za Malape. Izi ndi zipupa ndi nsanamira zazitali za dothi ndi mchenga wolimba zomwe zinatsala madzi a mvula atakumba chigwembe kwa zaka zambiri. Pakati pawo pali tinjira topapatiza tomwe munthu amayendamo ngati ali m'kati mwa nyumba yopanda denga. Kufikako n'kosavuta poyerekeza ndi kukwera mapiri, ndipo ana a sukulu amatha ulendowu. Zipupazi zimagumuka mosavuta, choncho kukwera pamwamba pake kapena kulembapo mayina kumaziwononga.

Mitengo yachilengedwe ya m'mapiriwa ndi monga mombo, msuku, muwanga ndi mlombwa, koma yatha kwambiri chifukwa cha makala ndi nkhuni. Matumba a makala amaoneka m'mbali mwa msewu wa M3, ndipo ambiri amakathera m'matawuni a Zomba ndi Blantyre. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula imakokolola dothi kupita nalo ku Shire, komwe limakwirira mtsinje ndi kusokoneza makina a magetsi. Magetsi akamazimazima, anthu a m'tawuni amagula makala ochuluka, mitengo n'kumatherathera. Mitsinje monga Likwenu, yomwe imachokera m'mapiri a m'derali, ndiyo imathirira minda ya anthu a kumunsi m'chilimwe.

Paki ya Liwonde ndi phiri la Chinguni

Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Gawo lalikulu lili kum'mawa kwa Shire, m'boma la Machinga, koma kachigawo kena kali kumadzulo, mbali ya Balaka. Kuyambira mu 2015 pakiyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Bungweli linamanga mpanda wa magetsi kuzungulira paki pofuna kuchepetsa vuto la njovu zomwe zinkadya mbewu ndi kupha anthu m'midzi yoyandikana nayo, ndiponso linachotsa misampha yambirimbiri ya anthu opha nyama mozemba.

M'pakiyi muli njovu, mvuu, ng'ona, njati, mphalapala, ngoma, nakodzwe, njiri ndi mbalame zamitundumitundu, kuphatikizapo nkhwazi. Zipembere zakuda zinabwezeretsedwamo koyamba mu 1993 kuchokera ku South Africa, ndipo zina 17 zinafika mu 2019. Akakwiyo anabwera mu 2017, mikango mu 2018 ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zitachuluka kuposa malo ake, mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu.

Phiri la Chinguni lili kumwera kwa paki, pafupi ndi chipata cholowera kuchokera m'tawuni, ndipo nsonga yake ili pa mamita oposa 900. Kuchokera pamwamba pake munthu amaona Shire akukhotakhota m'dambo, migwalangwa ya m'mphepete mwake ndi nkhalango ya tsanya. Popeza m'pakiyi muli nyama zolusa, palibe amene amaloledwa kuyenda pansi yekha. Ulendo uliwonse wapansi umakonzedwa kudzera ku ofesi ya paki kapena kumalo ogona alendo, ndipo pamakhala mlonda wa mfuti. Chakumpoto, kufupi ndi malo ogona alendo a Mvuu, kuli mlambe waukulu wamphako womwe anthu amati Livingstone anapumulirapo. Alendo ochokera mbali ya Balaka amafika ku Mvuu podzera pa Ulongwe, pa msewu wa ku Mangochi, n'kuwoloka mtsinje pa boti. Amalawi amalipira ndalama zochepa polowa m'paki kusiyana ndi alendo akunja.

Balaka

Tawuni ya Balaka inakula chifukwa cha njanji. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inadutsa pamalowa m'zaka za m'ma 1930, ndipo siteshoni yake inakhala potumizira thonje ndi mbewu zina za m'derali. Mpaka lero Balaka ndi limodzi mwa maboma olima thonje kwambiri, popeza mvula yake ndi yochepa ndipo kumatentha. Milambe imaoneka paliponse m'minda ndi m'mbali mwa misewu, ndipo m'nyengo yozizira imakhala itayoyola masamba, malambe ake akugulitsidwa m'misika.

Mpingo wa Katolika uli ndi mbiri yaitali m'bomali. Ansembe a chipani cha Montfort, omwe anatsekula mishoni yawo yoyamba ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, anakhazikitsa mishoni ya Utale mu 1908, pafupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Utale inadziwika ndi chipatala cha odwala khate. M'tawuni muli tchalitchi chachikulu cha St Louis Montfort komanso Montfort Media, yomwe imasindikiza mabuku ndi magazini monga The Lamp. Kuchokera mu parishi yomweyi munatuluka gulu loimba la Alleluya Band mu 1978, lomwe munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda. Kaimbidwe kawo kanadzatchuka ndi dzina loti Balaka reggae. Lucius Banda, yemwe anakhalanso phungu wa nyumba ya malamulo, anamwalira mu Juni 2024.

Boma la Balaka ndi lachidikha ndipo lilibe mapiri aatali ngati a ku Machinga. Phiri lake lodziwika ndi Kangankunde, kumwera kwa tawuni, lomwe lili ndi miyala ya mtengo wapatali yogwiritsidwa ntchito popanga maginito a m'magalimoto amagetsi ndi zipangizo zina zamakono. Kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikukhazikitsa mgodi pamalowa, choncho si phiri lomwe munthu angangokwera popanda chilolezo.

Miyambo ya m'nyengoyi

Nyengo yozizira, makamaka pa tchuthi cha Ogasiti, ndi nthawi ya zinamwali pakati pa Ayao. Anyamata amapita ku jando ndipo amakhala kundagala, msasa womwe umamangidwa kutchire, kawirikawiri pafupi ndi mtsinje. Atsikana amavinidwa nsondo. Anamwali akamalowa ndi kutuluka, m'midzi ndi m'misewu mumakhala gule wa manganje. Munthu wosavinidwa saloledwa kuyandikira ndagala, ndipo njira zina za m'munsi mwa mapiri zimadutsa kufupi ndi malo oterewa. Ichi ndi chifukwa chimodzi chomwe oyenda m'mapiri amayambira kwa nyakwawa kukadziwitsa za ulendo wawo ndi kupempha wowaperekeza. Kujambula anthu, manda kapena mzikiti kumafunanso kupempha kaye.

Kayendedwe ndi zofunika kusamala

Liwonde ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 55 kuchokera ku Zomba pa msewu wa M3. Ochokera ku Lilongwe amapatuka pa Chingeni kusiya M1, n'kutsata M8 kudutsa pa Balaka. Maminibasi amayenda tsiku lonse pakati pa matawuniwa, ndipo m'misewu yafumbi yopita m'munsi mwa mapiri anthu amakwera kabaza wa njinga yamoto kapena yakapalasa. Msewu wopita ku Ntaja umadutsa kumpoto kwa mapiri a Chaone ndi Chikala. Malo ogona a mitengo yosiyanasiyana amapezeka m'matawuni onse awiri, ndipo pafupi ndi baraji pamagulitsidwa nsomba monga chambo ndi mlamba komanso ziboliboli.

Okwera mapiri amanyamuka m'mamawa kuti akatsike dzuwa lisanalowe, popeza mu Juni ndi Julayi kumada msanga, isanakwane 6 koloko madzulo. Amanyamula madzi okwanira, chovala chofunda ndi nsapato zosaterera. M'tchire louma mumakhala chitedze, chomwe ubweya wake umayabwa kwambiri, ndipo mu Ogasiti moto wolusa umathamanga mofulumira pokwera phiri. Malungo alipo chaka chonse m'chigwachi ngakhale kuti udzudzu umachepa kukazizira, choncho kugona m'neti kumafunikabe. Kusamba kapena kuchapa mu Shire n'koopsa chifukwa cha ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odikha muli likodzo.

Kulowa m'nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo cha ofesi ya zankhalango ya m'bomalo. Malamulo a nkhalango amaletsa kudula mitengo, kuwotcha makala popanda chiphaso ndi kuyatsa moto m'tchire. Ndalama yomwe alendo amalipira owaperekeza a m'midzi ya m'munsi mwa mapiri ndi imodzi mwa njira zochepa zomwe anthu a kumeneko amapezera phindu pa mitengo yomwe idakali chilili.